Lilime la a Sufiyani

Mukamachoka ku boma la Nkhotakota kulowera ku Dwangwa, mukangodutsa masitolo a pa Liwaladzi, kumanzere kwa msewu kuli mkuyu umene pansi pake udzu unasiya kumera kalekale. Pamenepo ndiye pa galaja ya a Sufiyani. Chikwangwani palibe. Chinalipo, koma mwera unachinyamula chaka china ndipo eni ake sanavutike n'kuchilondola. Amati munthu amene sakuwadziwa ndiye kuti galimoto alibe.

A Sufiyani ndi bambo wamfupi, wandevu za imvi, wovala ovololo masiku onse kupatula Lachisanu, pamene amatulukira mu mkanjo woyera mpaka anthu kuwapatsa moni kawiri poyesa ndi mlendo. Matayala samata, zamagetsi amakana. Ntchito yawo ndi oilo: kupeza pamene akudonthera, kutseka pamenepo, n'kumuuza mwini galimoto oilo woyenera injini yake. Amakaniko ochita zimenezi ndi ambiri m'mbali mwa msewu umenewu. Koma wolawa oilo ndi lilime analipo mmodzi yekha.

Kachitidwe kawo kanali kotere. Mchenga wa kunyanja kuno ndi wakuba, dontho likagwa umameza osasiya umboni, ndiye galimoto ikafika iwo ankayamba ndi kuyala katoni pansi pa injini. Kenako ankakhala pa tayala n'kudikira, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Dontho likagwa ankakoka katoniyo, kuviika chala, kunena Bisimila, n'kuchiika pansonga pa lilime. Ankatsinzina. Amuna osewera bawo pansi pa mkuyupo ankaima, nkhomo zili m'manja. Akatero a Sufiyani ankalavulira kumbali n'kugamula mlandu.

"Uyu ndi wa giyabokosi. Injini isiyeni, ilibe chifukwa."

Nthawi zina ankangoyang'ana mwini galimoto mwachisoni. "Oilo ameneyu wayenda miyezi isanu ndi iwiri. Achimwene, galimoto imeneyi inakulakwirani chiyani?"

Zinayamba mwangozi. Ali ndi zaka makumi awiri ankagwira ntchito kwa mkulu wina wa malole onyamula nzimbe ku Dwangwa. Tsiku lina atagona chagada pansi pa lole, akuyankha funso la abwana, dontho linawagwera m'kamwa. Anatuluka akulavula, n'kuwauza amakaniko akuluakulu, amene anali atatha masiku awiri akumasula injini, kuti akungotaya nthawi chifukwa wodonthayo anali wa chiwongolero. Anawaseka. Atatha kuseka anakayang'ana, n'kupeza kuti n'zoona. Kuyambira tsiku limenelo dzina la Lilime linawamatirira, ndipo iwo sanalikane.

Komatu ankamvadi. Oilo wa injini wokalamba ankati amawawa ngati chimanga chopserera, wa giyabokosi amanunkha dzira lowola, wa buleki amaluma pansonga, pamene madzi oziziritsa injini amatsekemera mwachinyengo. Malangizo awo ankapereka mosanyengerera. Injini yokalamba, m'kutentha kwa kunyanja kuno, ankaipatsa oilo wolemera, wa fote uja. Tigalimoto tatsopano totsika pa doko ankatithira wopepuka, ndipo mwini wake akatsutsa ankamutuma kukatenga kabuku ka galimotoyo kuti awerenge yekha mokweza. Oilo wogula m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa msewu ankamuthira pansi mwini wake akuona. Fyuluta ankaiyeza m'dzanja, ikapepuka ngati chitini chopanda kanthu ankaibweza osanena mawu. Yabwino ankaipaka kaoilo pa labala, n'kuimanga ndi manja okha. Kumanga fyuluta ndi sipanala, iwo amati, n'kusaleredwa bwino.

Mwezi wa Ramadhani wokha ndiwo unkasokoneza. Munthu wofunga salowetsa kanthu m'kamwa dzuwa lili kunja, ndiye chaka china a Sufiyani anakafunsa kwa shehe ngati oilo amamasula swaumu, kusala kudya kuja, poti si chakudya ndipo samezedwa. Shehe anaganiza nthawi yaitali, n'kuyankha kuti m'mabuku onse amene anawerenga sanakumanemo ndi munthu wonyambita galimoto, choncho kunali bwino kungosiya. Mwezi umenewo ankagwira ntchito ndi maso ndi manja okha. Madalaivala ambiri ankangowonjezera oilo n'kumati, "Tidikire Idi."

Kenako kunabwera Januwale wa 2021. Mliri wa kolona uja unawagoneka milungu iwiri. Anadzuka, Mulungu ndi wamkulu, koma tiyi woyamba amene akazi awo anawapatsa, wa jinja wambiri monga ankamukondera, anangomva kutentha basi. Anazemberera kukhitchini n'kutafuna mchere wodzadza chikhatho, ndipo zinali ngati akutafuna mchenga. Anakanunkhiza chigubu cha petulo, mphuno nayo zii. Anadzilimbitsa mtima kuti zibwerera, poti anzawo amene anadwala nawo zinawabwerera patatha mwezi. Iwo anadikira mwezi, anadikira chaka, osabwerera.

Galimoto yoyamba itafika atachira, anayala katoni, anaviika chala, anatsinzina, ndipo m'kamwa munalibe nkhani iliyonse. Osewera bawo anali ataima kale, nkhomo m'manja. Koma a Sufiyani anali ataona mbali ya katoni imene dontho linagwera, mtundu wake, ndi mmene linkatererera pakati pa zala. Analavula n'kunena kuti ndi sili yakumbuyo, kalabala kotchinga oilo kumbuyo kwa injini. Inalidi sili yakumbuyo. Anapuma, n'kuganiza kuti achita chonchi kwa mlungu umodzi wokha.

Mlungu umodziwo unakwana zaka zinayi. Sanauze munthu aliyense, ngakhale akazi awo a Kulusumu, amene anakhala nawo zaka makumi atatu. Apa ndiye panali povuta kwambiri, chifukwa a Kulusumu ndi mayi woitanidwa kukaphika pilawo pa maukwati mpaka ku Nkhunga, ndipo chakudya cha amuna awo ankachiphika ndi mtima wonse. Tsiku ndi tsiku a Sufiyani ankatafuna, kumeza, n'kunena kuti zakoma. Ankaopa. Sufiyani wopanda lilime ndi ndani? Ndi mkulu wamfupi wa sipanala monga ena onse, ndiponso wabodza. Mwezi wa Ramadhani, umene kale unkawasowetsa mtendere, unasanduka tchuthi chawo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chawo chinabwera Lolemba lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, chitakwera minibasi yoyera ya Tedson. Tedson ndi dalaivala wa ku Dwangwa, munthu wamtali wamantha, woyenda pakati pa Dwangwa ndi boma kangapo pa tsiku, ndipo iye amatchula akuluakulu kuti ada monga achitira anthu akumpoto kumeneko. Anaimika minibasi pansi pa mkuyu okwera atawasiya pa siteji.

"Ada Sufiyani, ndathedwa nzeru," anatero. "Paliponse pamene ndaima ndikusiya chithaphwi. Anzanga pa siteji ayamba kunena kuti minibasi yanga imakodza pogona."

A Sufiyani anayala katoni. Dontho silinachedwe, linagwa pakatikati, lofiirira moderako. Anaviika chala, analawa, anatsinzina nthawi yoyenera.

"Wa injini," anagamula. "Wapsa ndithu."

Injini ya minibasi imakhala pansi pa mipando yakutsogolo. Atatukula mpando anapeza injini yonse yanyowa kuchokera pamwamba, ndipo mtima unakhala pansi. Gasiketi ya chivundikiro chapamwamba, ntchito ya ola limodzi. Anaisintha, anakhetsa oilo wakale, anathira wa fote watsopano, anamanga fyuluta ndi manja awo.

Injini italira n'kutentha, a Hamza, mnzawo wakalekale wogulitsa usipa amene amakhala pa bawo nthawi zambiri kuposa pa usipa, anakweza mphuno.

"Kodi alipo akukazinga tchipisi pafupi pano?"

"Njala imeneyo, a Hamza," anayankha a Sufiyani. "Pitani kunyumba akakupatseni chakudya."

Tedson sanamve fungo lililonse lachilendo, ndipo sitingamudzudzule. Mkazi wake Maness ali ndi chiwaya cha tchipisi ndi nkhuku pa Dwangwa. Malaya a Tedson amanunkhira tchipisi, pilo wake tchipisi, ana ake tchipisi. Kwa iye ndi mmene dziko limanunkhira.

Kanthu kamodzi kanawatsalira a Sufiyani m'mutu minibasi itapita. Oilo amene anakhetsa anali wakuda bii ngati makala, pamene dontho la pa katoni linali lofiirira. Anaona zimenezi bwinobwino. Koma lilime linali litalankhula kale pagulu, ndipo lilime la a Sufiyani silinkabweza mawu.

Lachinayi Tedson anabweranso, nkhope itagwa. Kudontha kunali komweko. A Sufiyani anasolola dipusitiki, kachitsulo koyezera oilo, n'kupeza oilo wapitirira mzere wapamwamba ndi chala chathunthu.

"Mwathira chiyani umu?"

"Ndimawonjezera kapu m'mawa uliwonse, ada. Nanga si munati ikudontha? Ndikuopa kupha injini ya eni ake."

"Muipha ndi kukhuta."

Anakhetsa wowonjezerayo. Injiniyo sinali kutaya ngakhale supuni imodzi. Oilo wa mkati anali akadali woyera ngati uchi, koma dontho la pa katoni linali lofiirira lomwe lija. Anayang'ana wa buleki, wodzadza. Wa chiwongolero, wodzadza. Analowa pansi n'kumasula kabawuti ka giyabokosi, nayonso yodzadza. Galimoto inali kudontha oilo amene inalibe.

Akutuluka pansipo anapeza galu wa mayi wogulitsa nthochi kutsidya kwa msewu atagwira katoni ndi miyendo yakutsogolo, akunyambita mwakhama. Atamaliza kunyambita anayamba kudya katoniyo.

"Zaka zonsezi sindinaonepo galu wodya oilo," anatero a Hamza. "Kapena wayamba kuphunzira ntchito kwa inu?"

Abawo anaseka. A Sufiyani anasekako pang'ono ndi mano okha, n'kumugenda galuyo ndi fyuluta yakale. Apa zinali zosavuta. Akanangotembenuka n'kufunsa kuti, "A Hamza, tanunkhizani apa, mukumva chiyani?" nkhani ikanathera pomwepo. Koma mwini lilime angapemphe bwanji mphuno ya wogulitsa usipa? Akuluakulu anati safunsa anadya phula. A Sufiyani anayala katoni ina, analawanso, n'kunena kuti gasiketi inali vuto loyamba chabe, lachiwiri ndi sili yakutsogolo. Anatha masana onse akuchotsa sili yabwinobwino n'kuikapo inzake yabwinobwino. Manja awo ankadziwa kuti akuchita zopanda pake, ndipo sipanala inawapulumuka kawiri.

Zinawapweteka. M'moyo wawo anali atanamapo za lilime lokha, za galimoto ayi. Lachisanu ku mzikiti shehe akulalikira, iwo maganizo anali pansi pa mpando wa minibasi. Atafika kunyumba anakhala pamkeka, a Kulusumu anabweretsa madzi osamba m'manja, ndipo iwo atangosamba anati, "Zakoma, mayi a Shamsa." Mbale zinali zisanavundukulidwe. A Kulusumu anawayang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati mutu ukuwapweteka.

Lolemba linalo minibasi inatulukira kuchokera ku boma, ndipo isanaime n'komwe munkamveka mawu a mayi. Mbiri yoti lilime laphonya kawiri inali itawanda, choncho pansi pa mkuyu panali anthu ochuluka kuposa masiku onse. Akabaza anaimika njinga zawo, ndipo ena anabwera ndi mipando. Kumpando wakutsogolo kunatsika mayi wojintcha, chitenje atamanga cholimba m'chiuno. Anayang'ana mkuyu, anayang'ana matayala, anayang'ana a Sufiyani kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye galaja yake ndi imeneyi?" anafunsa. "Ndimafuna ndione ngati imavala chitenje."

"Ada, awa ndi akunyumba," anatero Tedson motsitsa mawu, maso ali pansi.

Maness sanadikire kufunsidwa. Analongosola mlandu wake kwa onse amene analipo. Mchemwali wake ali ndi lesitilanti ku boma, ndipo mafuta akakazingira kangapo amamutumizira kuti akamalizire pa chiwaya. Wonyamula ndi Tedson, m'mawa uliwonse. Milungu itatu tsopano chigubu chimafika chitatsika ndi zala ziwiri, pamene mchemwali wake akulumbira kuti amadzadza mpaka pakhosi. Kuwonjezera apo bambo ayamba kuchedwa, akafunsidwa akuti anali ku galaja ku Liwaladzi.

"Ine si mwana," anatero Maness. "Alipo amene akuthiridwa mafuta anga panjira pano. Lero ndakatenga ndekha, ndipo ndikufuna ndimuone."

"Mayi, amuna anu amabweradi kuno," anatero a Sufiyani. "Galimoto ikudontha."

"Ndiye ikonzeni ndikuona."

A Sufiyani anayala katoni. Dontho linagwa, lachiwiri, lachitatu, lero mofulumira kuposa kale. Anthu anayandikira. A Sufiyani anaviika chala, anati Bisimila ndi mtima wonse, analawa, n'kutsinzina. Anatsinzina nthawi yaitali kuposa tsiku lina lililonse, akupempha kuti kamodzi kokha aka lilime lidzuke. M'kamwa munali zii. Anatsegula maso, n'kupeza nkhope makumi atatu zikudikira.

"Sampu," anatero ndi mawu osakhala awo. "Gasiketi ya sampu, pansi pa injini."

Maness anali atayamba kale kununkhiza mpweya ngati munthu amene wamva kuti ndiwo zikupserera kwinakwake. Anawakankha akabaza awiri, anawerama pa katoni, anaviika chala chake, ananunkhiza, n'kunyambita.

"Awa ndi mafuta anga."

Anakweza chalacho kuti onse achione.

"Ndikuti mafuta anga awa. Muli anyezi, muli nkhuku. Mchemwali wanga amapsereza adyo, ndi uyu ndikumumva apayu."

Anatsegula chitseko, n'kusolola chigubu chachikasu kuseri kwa mpando wa dalaivala, pamwamba penipeni pa injini, pomwe Tedson ankachikhazika masiku onse kuti chisagwe. Atachitukula, pansi pake panali mng'alu wopyapyala umene kutentha kwa injini kunautsegula, ndipo mafuta ankatsika mwaulemu dontho limodzilimodzi. Chisaka chimene chinayalidwa pamenepo chinali chitakhuta mafuta a milungu itatu. Maulendo awiri aja Tedson ankabwera atatsitsa kale chigubu ku Dwangwa, koma chisakacho chinkapitiriza ntchito, kukhetsera mafuta m'mphepete mwa chivundikiro mpaka pa injini.

Tedson anali munthu wosangalala kwambiri m'boma lonse la Nkhotakota. Anakweza manja kumwamba, akuyang'ana mkazi wake kuti amve mawu opepesa.

"Musandiyang'ane," anatero Maness. "Simunabe, chabwino. Koma munthu wamkulu n'kumakhazika mafuta pamoto milungu itatu?"

A Hamza anadzuka pa bawo pang'onopang'ono. Anafika pa katoni, anaviika chala, analawa, n'kutafuna pakamwa.

"Ndi mchere womwe ulimo," anatero. Kenako anatembenukira kwa mnzawo, ndipo nkhope yawo inalibe chipongwe, inali yodabwa chabe. "A Sufiyani, mwalawa katatu. Simunamve?"

Bodza linali lokonzeka kale pakamwa. Chimfine. Akanangoti chimfine chawagwira milungu iwiri, akanatsokomolako kawiri, ndipo ena akanakhulupirira. Koma anayang'ana sili yabwinobwino ija ili pamchenga pomwe anaiponya Lachinayi, ndipo anamva kutopa kwa zaka zinayi. Anakhala pa tayala.

"Lilime linafa, a Hamza. Linapita ndi kolona. Mphuno nayonso."

"Liti?"

"Chaka chomwe chija."

A Hamza anawerenga pa zala. "Ndiye kuti zaka zinayi zonsezi mwakhala mukunyambita oilo ulele?"

Apa anthu analephera kudzigwira. Anaseka akabaza, anaseka abawo, mayi wa nthochi anaseka ali kutsidya kwa msewu asanamve n'komwe nkhani yake. A Sufiyani anawerama, manyazi atawagwira mpaka m'makutu. Mkulu wina wa pikapu yonyamula mpunga sanaseke. Anayandikira nkhope itakwinyika.

"Nanga yanga ija chaka chatha munaipeza bwanji? Paja inasiyadi kudontha."

"Ndinaona pamene linagwera dontho."

"Kungoona basi?"

"Ndi kukhudza."

Mkuluyo anapukusa mutu ngati munthu amene wauzidwa kuti mankhwala amene anamuchiritsa anali madzi a pa mjigo, n'kubwerera kumpando wake ali wokhumudwa.

A Sufiyani anadzuka, anachotsa chisaka chija n'kuchiponyera galu, anatsuka injini ndi sopo wa ufa, n'kumuuza Tedson kuti injini yake ilibe matenda, asiye kuiwonjezera oilo, ndipo chigubu chizikwera kumbuyo ngati okwera ena onse. Anamupepesa chifukwa cha masiku awiri amene anamutayitsa. Tedson, amene banja lake linali litangopulumuka, sanafune n'kumva komwe. Minibasi inanyamuka Maness akulongosolabe za kusasamala.

Ndi pamene a Sufiyani anaona kuti pa akabaza aja mmodzi palibe. Anali wa kufupi ndi kwawo, ndipo njinga yake inali italowera njira ya kumudzi. Zimene ankaziopa kwambiri sizinali pansi pa mkuyu pano. Anatsekera zipangizo m'bokosi dzuwa likadali pamutu, chinthu chimene sanachitepo chiyambire, n'kuuyamba wa kunyumba. Panjira anakonza mawu, anawaphwasula, anawakonzanso. Pofika pa mpanda analibe ngakhale amodzi.

A Kulusumu anali pakhonde, mkeka atayala, mbale zitavundikiridwa. Sanafunse chifukwa chimene abwerera msanga. Anathira madzi, amuna awo anasamba m'manja, ndipo anavundukula mpunga ndi kampango wa tomato. Kenako anakhala pambali manja ali pamiyendo.

"Ndamva," anatero.

"Ndimafuna mumve kwa ine."

"Munali ndi zaka zinayi zoti ndimve kwa inu."

A Sufiyani anayang'ana mpunga.

"Za oilo ndilibe nazo ntchito, bambo a Shamsa. Ndinkadana nazo kuyambira kale, zikanakuphani. Koma ine ndimadzuka m'mamawa kukasankha nsomba ndekha kudoko. Pilawo ya pa Idi ija ndinasinja zokometsera masiku awiri, inu n'kunena kuti sindinaphikepo yotere. Ndinakauza anzanga." Anawayang'ana amuna awo m'maso. "Ndiye kuti ndimaphikira khoma?"

Ku galaja kuja anthu makumi atatu anawaseka ndipo anapirira. Apa panali munthu mmodzi wosaseka, ndipo misozi inalengeza m'maso mwa a Sufiyani.

"Sindinkanama, mayi a Shamsa. Ndikaona mtundu wa msuzi ndimadziwa mmene ukukomera, poti ndaudya zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndikumva. Ndimakumbukira. Ndinkaopa kuti mukadziwa musiya kuvutika, muzingondiwiritsira chinangwa, ndiye ndi chokumbukira chomwe chindithera."

Nkhuku inayandikira mbale. A Kulusumu anaiingitsa ndi dzanja. A Sufiyani anatapa mpunga, anasunsa mumsuzi, n'kuika m'kamwa chifukwa chosowa china chochita. Anatafuna. Mawu a masiku onse aja oti zakoma anafika pakamwa, anawameza pamodzi ndi mpungawo.

Kenako a Kulusumu anasendera pafupi. Anasamba m'manja, ananyema kachidutswa ka kampango m'mbale ya amuna awo, n'kulawa.

"Mchere wapitirira pang'ono lero," anatero, maso ali pa mbale. "Ndinathira nditakwiya. Tomato ndi wowawasa, wa kudimba kwa a Rahila. Ndafinyiramo ndimu theka, imamveka kumapeto, mukameza. Tengani cha kumimbaku, ndi kumene kuli mafuta."

A Sufiyani anatenga cha kumimbako.

"Pang'onopang'ono," anatero a Kulusumu. "Sindinamalize kukuuzani."